Mkono Wamanzere wa Stipe Barisic

Wapolisi wofufuza milandu wochokera mumzinda anatera ku Kettle Ridge Lachitatu m'mawa atavala nsapato zonyezimira, ndipo Sajenti Glenys Dowrick anamuda asanaponde n'komwe pansi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za upolisi m'katauni aka ka migodi ya miyala yodula yotchedwa opalo zinali zitamuphunzitsa kuti munthu wa nsapato zotere sabwera kudzamva, amabwera kudzasaina. Dzina lake anali Warwick Steen. Mlanduwo anauzenga n'kuugamula ali pampando wa Glenys, tiyi amene anamupatsa asanazizire.

Nkhani yake inali yotere. Dzulo lake, Stipe Barisic, mkulu wa zaka 68 wokumba opalo, anapezeka atafa pansi pa dzenje la mgodi wake, ulendo wa theka la ola pagalimoto kuchokera m'tauni. Kunkhongo kwake kunali chilonda cha fosholo, kusonyeza kuti sanaterereke yekha pamakwerero. Amene anamupeza anali Lorna Abad, mayi wa ku Philippines amene anali atakhala naye zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Loweruka likudzalo amayenera kukadalitsa ukwati wawo kutchalitchi. Lorna anafika kumgodi 12 koloko ndi chakudya, monga ankachitira masiku onse. Koma pepala la kuchipatala linkasonyeza kuti 11 koloko Stipe anali wamoyo m'tauni, akuyezedwa BP, ndipo anachoka patatha mphindi khumi ndi zisanu.

"Masamu a kupulayimale awa, Sajenti," anatero Steen akupukuta fumbi pansapato. "Mkuluyu wafika kumgodi 12 itatsala pang'ono kukwana. Mayiyu wafika 12. Panalibe wina. Ndege ya 3 koloko ndinyamuka naye."

Lorna sanali mnzake wa Glenys, ankangopatsana moni m'sitolo. Chimene chinkamunyansa Glenys chinali chisangalalo cha tauniyo. Anthu amene zaka zonsezi ankanyambita zala akudya nkhuku ya Lorna pa zikondwerero za tchalitchi anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti ankamukayikira kuyambira kale. Ndegeyo ikanangonyamuka naye, panalibe mmodzi amene akanafunsanso za iye. Glenys anayang'ana wotchi, anaona kuti kwatsala maola asanu, anatenga chipewa ndi pepala la kuchipatala lija, n'kutuluka.

* * *

Ku kilabu ya anthu a m'migodi maliro anali atayamba kale, ndipo kuno maliro amalira ndi botolo. Pakona panali Drago Vukelic, mnzake wa Stipe wa pamgodi, wandevu zoyera ngati malemuyo, atazunguliridwa ndi amuna amene ankamupepesa malinga ngati iye ankagulabe mowa.

Shirl Pappas, mayi woyendetsa kilabuyo, sankadikira kufunsidwa. Anatsimikiza kuti Drago analowa dzulo 11 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, ndipo sanadzukepo mpaka uthenga wa imfa utafika. Glenys atafunsa kuti nthawiyo akuikumbukira bwanji chonchi, Shirl anaseka.

"Achemwali, munthu anandifunsa nthawi katatu. Wotchi ili pakhomapo yaikulu ngati beseni, iye ati, Shirl, nthawi ili bwanji? Ndinamuuza kuti ngati maso afa akaone namwino watsopanoyo, asandisandutse belu la tchalitchi."

Anawerama pang'ono n'kuwonjezera chimene tauni yonse inkadziwa. Sabata yathayo Stipe ndi Drago anali atayamba kulira umphawi mokweza, akuti dizilo wakwera, akuti mgodi ndi wouma. Ku Kettle Ridge munthu akayamba kulira chonchi ndiye kuti wapeza mwala. Ndipo pangano lawo linali la chikalekale la amuna osakwatira: wina akafa wopanda mkazi wa lamulo, mgodi wonse umatsala ndi mnzake. Ukwati wa Loweruka ukanathetsa panganolo.

Drago analandira Glenys ndi maso ofiira ndi mawu a munthu wokonzekera. Anati iye ndi Stipe anabadwira mudzi umodzi kutsidya kwa nyanja, anabatizidwa ndi madzi amodzi. Dzulo sanapite kumgodi chifukwa msana unamugwira. Anangobwera m'tauni, ndipo akuimika galimoto anaona Stipe akutuluka m'chipatala.

"Anandikwezera dzanja, Sajenti. Sindinadziwe kuti akunditsanzika." Anapukusa mutu. "Ndinamuchenjeza za kamkazi kaja. Ndinati, achimwene, timbalame totere timatera pomwe pali mapira. Koma mwamuna akakalamba mutu umafewa."

Amuna aja anavomereza ndi mitu ngati nkhunda. Glenys anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ndipo mtima unamuwira. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo, ngakhale kuti kuno mitengo yoti n'kuswa ndi yowerengeka, koma Drago, amene chaka chonse ankayenda ndi vesiti yong'ambika, anali atavala malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka m'mikono. Atamufunsa, anati ndi ulemu wa maliro.

Ulemu ndi Drago Vukelic zinali zisanakumanepo. Koma malaya si umboni, ndipo amuna khumi ndi awiri anali okonzeka kulumbira kuti khoswe ameneyu anakhala pamkhate wake nthawi yonseyo.

* * *

M'chitokosi Lorna anali atakhala mowongoka, manja pamaondo, osalira. Steen anali atalemba kale kusalirako ngati umboni. Glenys anakhala pabenchi pafupi naye, n'kumuuza mosabisa kuti pepala la kuchipatala ndi limene likumumanga, chifukwa likuika Stipe panjira ya kumgodi nthawi yofanana ndi iye.

Lorna anati iye ankadziwa kuti Stipe anali ndi tsiku kuchipatala, koma m'mawa umenewo mkuluyo anachoka kunyumba 6 koloko akunena kuti ayamba wapita kumgodi chifukwa Drago akumudikira. Steen atamva zimenezi anangoti wina aliyense womangidwa amaloza mnzake. Kenako Lorna anapempha kuti alione pepalalo. Analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere, ndipo chinaima pa manambala.

"Kumanja 168. Kumanzere 166." Anakweza maso. "Sajenti, ameneyu si Stipe."

"Dzina ndi lake."

"Dzina ndi lake, mikono si yake. Ine ndawayeza bambo amene aja m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi zinayi. Kumanja kukakhala 160, kumanzere kumakhala 120. Tsiku lililonse. Iwo ankati mkono wamanzere ndi wabodza, umawauza kuti adakali mnyamata."

Anafotokoza kuti zaka makumi awiri zapitazo denga la mgodi linamugwera Stipe paphewa. Fupa linapola, koma mtsempha wopititsa magazi kumkono wamanzere unatsala wopanikizika, moti magazi ankadutsa mochepa ndipo makina ankawerenga motsika. Namwino wakale wa pachipatalapo ankadziwa, n'chifukwa chake ankamuyeza kumanja kokha. Stipe sankauza anthu. Ankaopa kuti amuna anzake aziti wafooka mkono.

Glenys anafunsa ngati Drago ankadziwa. Lorna anatulutsa kaphokoso ka m'mphuno, koyamba kumveka ngati kuseka.

"Amuna a kuno amadziwa dzina la galu wa mnzawo ndi matenda a galimoto yake. Za thupi lake sadziwa kanthu."

Glenys anaimirira, manyazi atamugwira pang'ono, chifukwa pepalalo anali atayenda nalo m'thumba kuyambira m'mawa ndipo manambalawo anangowadumpha ngati mmene anachitira wa nsapato uja. Nthawi inali itakwana 12.

* * *

Pachipatala cha Kettle Ridge pamakhala munthu mmodzi, yemweyo namwino, yemweyo kalaliki, yemweyo wosesa. Namwino wa nthawi zonse anali patchuthi, ndipo m'malo mwake munali Marama Tipene, mayi wamkulu thupi wa ku New Zealand amene anali atagona m'tauniyo masiku anayi okha ndipo ankaoneka kuti akwana.

Glenys anamuonetsa chithunzi cha Stipe n'kufunsa ngati ndi munthu amene anamuyeza dzulo. Marama anachiyang'ana n'kukweza mapewa.

"Mwina. Amuna anu kuno ali ndi nkhope imodzi yongobwerekana. Ndevu, fumbi, chipewa chonunkha. Anandipatsa khadi la chipatala, lopanda chithunzi, dzina linali m'buku la tsikulo, ndinamuyeza. Bwana wanu uja anaimba foni, anafunsa funso limodzi, anabwera kapena sanabwere? Ndinati anabwera. Anadula."

Glenys anapempha fayilo yakale ya Stipe. Marama anavomera kuti anali asanatsegule kabati ya mafayilo chifikireni, chifukwa munthu mmodzi sangasese, kubaya jakisoni ndi kuwerenga mbiri ya tauni yonse. Anafufuza pang'ono n'kuitulutsa. Pachikuto pake panali mawu a inki yofiira, olembedwa ndi namwino wakale, ochenjeza kuti munthuyu aziyezedwa kumanja kokha chifukwa kumanzere kumatsika ndi 40. M'kati munali masamba a zaka ndi zaka otsimikiza zomwezo.

Marama anakhala pansi pang'onopang'ono. Ananena kuti mikono iwiri ya munthu ikasiyana pang'ono, ndi zisanu kapena khumi, si nkhani. Koma kusiyana kwa 40 ndi mtsempha wopanikizika, ndipo mtsempha wotero sutseguka wokha Lachiwiri m'mawa chifukwa choti kwabwera namwino watsopano.

Glenys anafunsa chifukwa chimene anayezera mikono yonse iwiri, popeza ambiri amangoyeza umodzi.

"Munthu amene sindinamuonepo ndimayeza yonse. Ndinaphunzitsidwa choncho, ndipo sindisintha chifukwa cha ndevu. Iye anakana, akuti umodzi wakwana, akufulumira. Ndinamuuza kuti pakhomo satuluka. Atavula malaya ndinaona chimene amabisa." Anatembenuza buku lake n'kuonetsa kuseri kwa tsamba, kumene Steen sanavutike kufunsa. "Chilonda chatsopano, kuseri kwa mkono wamanzere, pamwamba pa chigongono. Chingwe chinamusupula khungu. Chinali chikuchuchabe."

Glenys anali atathandiza kukweza mtembo wa Stipe kuchokera m'dzenje, ndipo anauona bwinobwino. Pamikono pake panalibe chilonda, panalibenso bandeji.

Marama anati anachitsuka n'kuchimanga. Ndipo popeza amuna a m'migodi amamatula bandeji asanafike pagalimoto, anamuopseza monga amaopsezera onse, kuti akaichotsa masiku atatu asanakwane fumbi lilowa, chilonda chinyeka, mkono adula. Munthuyo anatuwa, anafunsa kawiri ngati n'zoona.

"Nkhope sindingalumbire," anatero Marama. "Koma bandeji yanga ndingaidziwe pakati pa chikwi. Ndimailemba."

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Glenys anamuuza kuti atseke chipatala, anyamule makina ake.

* * *

Steen anamvetsera nkhaniyo akuyang'ana wotchi. Anati manambala a pamakina amasinthasintha, anati mayi womangidwa anganene chilichonse, anati iye wagwira milandu ya kupha yoposa makumi atatu. Glenys anamuikira fayilo ya inki yofiira patsogolo n'kumufunsa mwaulemu wonse ngati angakonde kukaifotokoza yekha pamaso pa woweruza, loya wa Lorna atainyamula m'mwamba. Steen anaiwerenga kawiri. Kenako anati palibe choipa kupita kukaona, ngati kuti ganizolo linali lake.

Analowa m'kilabu 2 koloko itangodutsa. Phokoso linazima. Drago anali pakona pomwe paja, botolo lachisanu ndi chiwiri lili patsogolo, akufotokozera amuna aja za ubwana wake ndi Stipe.

Glenys anati popeza imfa ya mnzake yamugunda kwambiri, namwino wabwera kudzamuyeza BP, kuti tauni isaike maliro awiri sabata imodzi. Drago anayang'ana Marama, ndipo kumwetulira kwake kunauma. Marama sanamuyang'ane kumaso n'komwe, ankangomasula lamba wa makina.

"Ndili bwino, Sajenti. Sindinadwalepo ine."

"Dzulo munali ndi msana, Bambo Vukelic."

Amuna aja anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Shirl anakuwa ali kuseri kwa tebulo lake kuti mwamuna wamkulu ngati iye asaope kansalu kofufuma, si jakisoni. Drago anaona kuti kukana kukopa maso, choncho anapinda dzanja la malaya la kumanja n'kutambasula mkono. Makina analira, lamba anafufuma, manambala anaima pa 171.

"Winawo," anatero Marama.

"Umodzi wakwana."

Marama anakweza maso kwa nthawi yoyamba. "Mawu amenewo ndinawamva dzulo."

Drago anayesa kuimirira, koma anapeza Glenys ataima pomwe mpando ukanabwerera. Anayamba kulankhula mofulumira, akuti kumanzere kuli kachilonda, chingwe cha pamgodi chinamupweteka Lamlungu, anadzimanga yekha kunyumba, si nkhani ya apolisi. Steen, amene tsopano ankafuna kuoneka kuti akugwira ntchito, anamuuza kuti ngati ndi choncho palibe chovuta, avule malaya.

Anavula. Kuseri kwa mkono, pamwamba pa chigongono, panali bandeji yoyera yomangidwa mwaluso, malo amene munthu sangadzimange yekha ndiponso sangadziwerenge. Munthu anali atamenya mnzake wa mudzi umodzi ndi fosholo, n'kumuponya m'dzenje, n'kutenga khadi lake kukakhala pampando wake kuchipatala, n'kusiya mayi wosalakwa kuti akafere kundende. Zonsezo mtima wake unapirira. Chimene sunapirire chinali kuchotsa kansalu pakachilonda kake.

Marama anagwira mkonowo n'kuutembenuzira kuwala. Papulasitala panali zilembo za bolopeni yakuda, ndipo anaziwerenga mokweza ngati akuitana odwala pamzere: tsiku la dzulo, 11 koloko, ndi zilembo zoyamba za dzina lake, M.T.

"Dzulo 11 koloko ndinali ndi wodwala mmodzi yekha," anatero. "M'buku mwanga dzina lake ndi Stipe Barisic."

Drago anapotoza khosi kuyesa kuona zimene zinalembedwa pathupi pake, koma khosi silinafike. Glenys anamufunsa kuti ngati iye ndi amene anakhala pampando wa kuchipatala, nanga Stipe amene anamukwezera dzanja uja anatuluka pakhomo liti. Marama, amene sasiya ntchito pakati, anakulunga lamba m'munsi mwa bandeji n'kudina batani. Kumanzere kunali 169.

Amuna amene ankamwa mowa wake anayamba kusuntha mipando mmodzimmodzi. Unyolo usanatsekeke n'komwe m'manja mwa Drago, wina anali atayamba kale kunena kuti iye ankamukayikira kuyambira kalekale, ndipo anzake anavomereza ndi mitu yomwe ija. Steen anatuluka naye monyada ngati mlenje, nsapato zake zitatuwa ndi fumbi. Mpando wa m'ndege ya 3 koloko sunapite wopanda munthu.

* * *

Glenys anatsegula chitokosi yekha. Anamuuza Lorna zonse mwachidule, ndipo anapepesa m'malo mwa tauni imene ankadziwa kuti sidzapepesa. Anamuchenjezanso kuti pofika madzulo azimayi a kutchalitchi ayamba kubwera ndi mbale za chakudya, aliyense akunena kuti iye sanakhulupirire n'komwe.

Lorna sanadzuke msanga. Anapempha kuti aone fayilo ija, ndipo anasisita ndi chala mawu a inki yofiira. Anati m'mawa uliwonse ankakangana ndi Stipe chifukwa cha mkono umenewo, Stipeyo akufuna kuyezedwa kumanzere kuti athawe mapiritsi, ndipo Lorna ankautukwana mkonowo kuti ndi wabodza, udzamupha. Apa ndi pamene misozi inabwera, yambiri, yopanda phokoso, ndipo Glenys anayang'ana kukhoma mpaka itatha.

Ali pakhomo la polisi, dzuwa likuwawotcha kumaso, Glenys anamufunsa ngati pali wina woti amuimbire foni, kapena china choti amuchitire. Lorna anaganiza pang'ono.

"Mukadutse kwa ansembe," anatero. "Tinawauza kale za Loweruka, 10 koloko, ndipo maluwa afika mawa. Muwauze asasinthe tsiku. Asinthe buku lokha, atenge la maliro."